Manja Osamva a Tauno Heikura

Tauno Heikura anabadwa ndi manja osamva. Mutu wake unali wabwinobwino, mtima wake unali wabwino kuposa wa ambiri a ife, koma manjawo ndiye ayi ndithu. Chinthu chikamayenda bwino, iye chinkamuyabwa. Ali mwana anamasula wailesi ya bambo ake kuti aone chimene chimalankhula m'katimo, ndipo banja lonse linatha chilimwe chathunthu osamva nkhani. Atakula anakalowa ntchito ya zamagetsi kufakitale ya mapepala, kumene ankamulipira chifukwa cha nthenda yomweyo. Fakitaleyo itatsekedwa anabwerera kunyumba ndi manja awiri opanda chochita, ndipo apa ndi pamene makompyuta a m'dera lathu kuno ku Kajaani, tauni ya kudziko lozizira la kumpoto, anayamba kuona zakuda.

Tauno sankafuna kukhala ndi chinthu chimene sangachitsegule. Ankati kompyuta yobwera ndi mapulogalamu otseka a kampani ili ngati nyumba ya lendi, umagonamo koma sungakhome msomali pakhoma. N'chifukwa chake mtima wake wonse unapita pa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, yolukidwa ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, yaulere, imene aliyense angaitsegule m'mimba n'kusintha chimene akufuna. Ukangomuuza kuti kompyuta yako yayamba kuchedwa, basi waputa zina. Ankatulukira ndi kadisiki m'thumba la jekete, ndipo pamene iwe ukumuphikira khofi, iye wafafaniza kale zonse n'kuikamo zake. Kompyutayo inkathamanga ndithu, tisaname. Koma makina osindikizira ankasiya kumva mpaka Khirisimasi, ndipo ukadandaula ankakuyankha nkhope ili yowala kuti, "Kavuto kakang'ono ako, ndibwera Loweruka."

Lachinayi lililonse ankakumana ndi anzake a nthenda yomweyo m'kachipinda ka kulaibulale. Anali madoda angapo a imvi, okangana mpaka kukhetsa thukuta pa nkhani ya mtundu wa Linux umene uli woona, ngati mipingo yogalukirana. Mnzake wapamtima pagululo anali Jorma, amene kale ankayendetsa sitima za pamtunda, munthu wodekha woti asanadine batani ankayamba waliyang'ana kawiri.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankatha kuimitsa manja a Tauno, mkazi wake Sinikka. Mayiyu anagwira ntchito yophika pasukulu ya pulayimale mpaka kupuma, ndipo mawu ake anali oti akafuula kukhitchini, mwana amene akukankha mnzake pabwalo ankasiya pomwepo. Anali mawu aakulu, okanda pang'ono, okoka kumapeto monga timayankhulira kuno. Tauno anali wa mawu ochepa, choncho zolankhula zonse za m'nyumbamo, zabwino ndi zoipa zomwe, zinali m'manja mwa Sinikka. Akangomuona mwamuna wake akuzungulira makina ochapira ndi sikuludiraiva, ankangoti, "Iwe Tauno, chotsa manja!" Ndipo manjawo ankachoka.

Chaka china mawu a Sinikka anasasa, osabwereranso. Anayesa tiyi wa uchi, anayesa kukhala chete, zimene kwa iye zinali chilango chachikulu. Kuchipatala anapeza khansa pakhosi. Anamuuza kuti moyo awupulumutsa, koma achotsa kholingo lonse, ndipo mawu apita nalo limodzi. Anamuuzanso kuti pali kampani ina imene imajambula mawu a munthu asanachitidwe opaleshoni, kuti pambuyo pake azilemba pa kompyuta, iyo n'kumalankhula ndi mawu ake enieni.

Ali m'galimoto kubwerera kunyumba, Tauno anafunsa, "Ndiye mawu akowo azikakhala kuti?"

"Kumakina awo, kaya kuti," anatero Sinikka monong'ona.

"Kwa anthu osawadziwa? Nanga tsiku lina akadzatseka kampani yawoyo ngati mmene anatsekera fakitale yathu, iwe udzalankhula ndi chiyani? Ayi. Mawu ako akhala m'nyumba mwathu momwemo, pamene ine ndikuwaona ndi maso."

"Pamene iwe ukuwaona," anatero Sinikka. "Chimene chikundiopsa ine n'chimenecho."

"Sindidzagwira. Ndikulumbira."

Pamapeto pake Sinikka anavomera. Ndipo kunena chilungamo, maganizo a Tauno sanali opusa. Makampani amatsekadi, ife a m'tauni ino tikudziwa bwino.

Tauno anapeza pulogalamu yaulere yochita zomwezo. Anailemba munthu mmodzi yekha, mphunzitsi wina wopuma wa kudziko lakutali, amene Tauno sanamuonepo nkhope. Chofunika chinali kujambula mawu ambirimbiri pamalo opanda phokoso. Malo otere m'nyumba mwawo anali amodzi, mu sauna, kachipinda kosambiramo nthunzi, pamene simunasonkhedwe moto, mmene makoma a matabwa sabweza mawu. Choncho masabata otsala opaleshoni isanafike, Sinikka ankakhala pabenchi la pamwamba atavala juzi ndi masokosi a ubweya, n'kumawerenga ziganizo zopanda mutu zimene pulogalamuyo inkafuna. Khosi linkamupweteka, koma ankapirira.

"Bakha wa buluu wagula njinga Lachiwiri," ankawerenga motero, kenako n'kutembenuka. "Tauno, mnzako wa kutaliyo amamwa chiyani? Bakha amagula njinga kuti?"

"Tangowerenga, mayi."

"Ndikadzafa anthu adzati mawu anga omaliza anali a bakha."

Opaleshoni inayenda bwino. Kachipangizo kamene ena amawaika pakhosi kuti azilankhulako pang'ono, kwa iye kanakanika, thupi linakakana. Anabwerera kunyumba atamanga kansalu m'khosi, ataonda, ali chete ngati mlendo. Tauno anamukhazika patebulo la kukhitchini n'kumutsegulira kompyuta yaing'ono ya pamiyendo. Sinikka ananunkhiza m'mwamba, kenako analemba ndi zala ziwiri.

"M'nyumba muno mwapserera soseji," inatero kompyutayo.

Anali iye. Kukanda kuja kunalipo, kukoka kwa kumapeto kuja kunalipo. Mwana wawo wamkazi Katri, amene anabwera kudzathandiza masiku amenewo, anagwira pakamwa n'kuyamba kulira. Tauno ananena kuti akukaona matayala a galimoto, ndipo anakhala m'galaja mpaka maso atauma. Pa moyo wake wonse wa kumasula ndi kumanga, sanachitepo chinthu chachikulu kuposa chimenechi, ndipo ankadziwa.

Moyo unabwereramo m'nyumba muja. Sinikka ankacheza ndi zidzukulu zake pa foni, ankakangana ndi mayi woyandikana nawo pa nkhani ya mpanda, ndipo ankamulalatira mwamuna wake m'mawa ndi madzulo monga kale. Zala zake zinaphunzira liwiro moti Tauno asanamalize kudziikira kumbuyo, yankho linali litatuluka kale. Lamulo linali limodzi lokha, ndipo Sinikka analinena ndi mawu ake omwewo, chala chili pa kompyutayo.

"Apa ndi pakamwa panga. Ukagwira apa, wandipisa m'kamwa. Wamva?"

"Ndamva."

"Kagwire za anthu ena. Za a Jorma, za abusa, za aliyense. Apa ayi."

Tauno sanali munthu wosasamala. M'kachipinda kosungiramo nsapato za m'nyengo yozizira anaikamo kabokosi kakuda kosungira za mu kompyuta, kamene ntchito yake inali imodzi. Pakapita kanthawi kankasuzumira mu kompyuta ya Sinikka kudzera pa mawaya a m'nyumbamo, n'kudzifananiza nayo. Chimene chili uko chikhalenso kuno, chimene kulibe uko kuno chichokenso. Mawu onse a mu sauna aja anali mmenemo, pamodzi ndi mawu opangidwa kale amene kompyuta inkalankhulira. Kabokosiko anakakonza yekha, ndipo ankakatama kulaibulale mpaka anzake kutopa nako.

"Mdala, kopera zinthuzo pa disiki ina, ukaisiye kwa Katri," Jorma anamuuza tsiku lina. "Yoti isamalumikizidwe ku chilichonse. Ingogona m'kabati basi."

"Za agogo zimenezo," anatero Tauno. "Kabokosi kanga sikalakwitsa."

Ndipo ananena zoona. Kabokosiko sikanalakwitsepo, ngakhale pa tsiku loipalo.

Nyengo zozizira ziwiri zinadutsa, ndipo Linux ya mu kompyuta ya Sinikka inakalamba. Eni ake anasiya kuikonza poti anali atatulutsa ina yatsopano. M'mawa uliwonse pakona pa sikirini pankatuluka kauthenga konena kuti yakwana nthawi yosintha. Sinikka ankangokatseka osawerenga n'komwe. Koma Tauno, akudya phala lake tsidya lina la tebulo, ankakaona, ndipo kankamulowa m'mafupa. Anayamba kudziuza kuti n'zoopsa, kuti akuba a pa intaneti angalowe, kuti tsiku lina idzangozima yokha. Mantha amenewo analipo ndithu pang'ono. Koma ife amene tinkamudziwa tikuti anali manja aja.

Loweruka lina masamba atayamba kuyoyoka, Katri anabwera kudzatenga amayi ake kuti akazule bowa kunkhalango. Kompyuta sapita nayo kunkhalango, choncho inatsala patebulo. Galimoto itangokhota pamsewu, Tauno anatsuka makapu, anapukuta tebulo, anazungulira kompyutayo, n'kudziuza kuti angoona chabe.

Kuona chabeko kunafika poti anatulutsa kadisiki kake kaja. Anachita zimene anachitapo pa makompyuta a dera lonse. Anafafaniza zonse kuti ayambe poyera, poti zonse zinali m'kabokosi. Anaika Linux yatsopano, ndipo inalowa bwino popanda kudandaula. Pokhala mmisiri waudongo, anaipatsa dzina lomwe lija la kale, n'kuilumikiza ku mawaya a m'nyumba ndendende mmene inalili, kuti Sinikka asadzaone kusiyana. Chinatsala n'chimodzi, kutenga mawu m'kabokosi n'kuwabwezera pamalo pake. Inali ntchito yosatenga nthawi.

Koma nthawi ya khofi inali itakwana, ndipo Tauno anali wokondwa ndi ntchito yake. Anatereka khofi, anadula banzi la sinamoni limene Sinikka anaphika dzulo lake, anakhala pawindo n'kumayang'ana mbalame zikulimbirana mbewu. Anathiranso kapu yachiwiri. Pamene iye ankatafuna, kabokosi kokhulupirika kaja kanasuzumira mu kompyuta ya Sinikka pa nthawi yake. Kanaipeza ili ndi dzina lomwe lija, pamalo pomwe paja, koma mulibe kanthu. Ndiye kanachita zimene mwini wake anakaphunzitsa. Kanadzifananiza nayo.

Tauno atabwerera n'kutsegula malo a mawu m'kabokosimo, anapeza poyera. Anatseka, n'kutsegulanso. Anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, anayang'ananso. Kenako anamvetsa. Anathamangira kukachipinda kaja, anagwa pa nsapato, anazula chingwe cha magetsi pakhoma. Anakhala pansi pomwepo chingwecho chili m'manja, akudziwa bwino lomwe kuti wachedwa.

Anaimbira Jorma.

"Wazimitsa?" anafunsa Jorma atamva zonse.

"Ndazula ndi chingwe chomwe."

"Nanga disiki ija ndinakuuza ija?"

Tauno anangoyang'ana chingwe chija m'manja mwake.

"Mdala iwe," anatero Jorma mwapansipansi. "Chabwino. Usagwirenso chilichonse. Khala pampando, manjawo uwakhalire. Ndikubwera."

Sinikka ndi Katri anabwera masana ndi dengu lodzaza bowa, masaya atafiira ndi mphepo. Anapeza madoda awiri ali duu kukhitchini, kompyuta ili yotsegula pakati pawo. Sinikka sanazindikire msanga. Anali ndi nkhani yoti anene, ndipo anali ataisunga njira yonse. Anakoka kompyutayo asanavule n'komwe jekete, n'kulemba.

"Tapeza bowa wambiri," inatero kompyutayo.

Anali mawu a mwamuna, ouma, opanda kwawo, ngati olengezera mabasi pasiteshoni. Ndiwo amene amabwera ndi Linux yatsopano. Zala za Sinikka zinaima m'malere. Anayang'ana sikirini, anayang'ana Jorma, kenako anayang'ana mwamuna wake.

Tauno anafotokoza. Anayamba ndi zoti inakalamba, zoti akuba, zoti kabokosi, koma mawu ake anamuthera panjira. Pomaliza anangoti, "Ndagwira, Sinikka. Apita onse. Ndi a mu sauna omwe."

"Bambo, mwachita chiyani?" anakuwa Katri. "Mwachita chiyani inu? Si munalumbira? Chinkakuvutani n'chiyani, chinthu chikuyenda bwinobwino? Amayi ajambulanso ndi khosi liti?"

Sinikka anamugwira mwana wake pamkono kuti akhale chete. Anatseka kompyuta ija pang'onopang'ono. Anavula jekete, anayala nyuzipepala patebulo, anatenga kampeni, n'kuyamba kupala bowa mmodzimmodzi. Anapala dengu lonse, ndipo palibe amene anayerekeza kumuthandiza.

Tauno ankayembekeza kulalatiridwa. Ankakufuna kulalatiridwako ngati madzi akumwa. Sinikka akanatha kulemba papepala mawu onse oipa amene ankawadziwa, ndipo ankadziwa ambiri. Akanatha kumutukwana ndi mawu a mwamuna wa pasiteshoni uja. Koma sanachite chilichonse mwa zimenezi. Ankaphika, ankaika mbale patsogolo pake, ankaloza ndi chala akafuna mchere. Foni ya zidzukulu ikalira ankapatsira mwamuna wake n'kupita kuchipinda. M'nyumba muja munagwa bata loti wotchi ya pakhoma inkamveka mpaka kubafa.

Gulu la kulaibulale linasiya mikangano yake yonse. Jorma anatenga kabokosi kaja kupita nako kwawo, n'kuyamba kufukula m'disiki yake pofuna zotsalira. Kompyuta ya Sinikka ndiye anangoipukusira mutu, poti madisiki a masiku ano akafafaniza amafafanizadi. Tauno analemba pa bwalo la pa intaneti limene anthu a Linux amathandizirana, kumene iye mwini anakhala akulangiza ena kwa zaka zambiri. Woyamba kuyankha anamuuza kuti munthu wanzeru amasunga zinthu malo atatu. Wachiwiri anati akanagwiritsa ntchito mtundu wina wa Linux sizikanachitika, wachitatu anatsutsa wachiwiriyo, ndipo awiriwo anakangana mpaka kuiwala za Tauno. Koma ena, anthu osamudziwa a kumayiko akutali, anataya nthawi yawo kumuyesera njira iyi ndi iyo, kwaulere, ndi mtima wonse. Njira zonsezo zinkathera pakhoma.

Mphunzitsi wopuma uja nayenso anayankha. Anapepesa kwambiri, ngati kuti wolakwa anali iye. Anati popanda mawu ojambulidwa bwino, ambiri, pamalo a zii, pulogalamu yake singachite kanthu. Anayesabe ndi timavidiyo ta m'foni ya Katri, ta pa Khirisimasi ndi pa masiku obadwa, mmene Sinikka ankamveka pakati pa ana olira ndi mbale zogundana. Chimene chinatuluka chinali mawu a mkazi ndithu, koma mkazi wachilendo wolankhula ngati ali ndi madzi m'kamwa. Sinikka anamvetsera chiganizo chimodzi, anapukusa mutu, n'kutuluka panja.

Kuyambira pamenepo kadisiki kaja sikanaonekenso m'thumba la Tauno. Yanga kompyuta itavuta ndinamuuza dala, poganiza kuti mwina zimutsitsimula. Anangoyang'ana pansi n'kunena kuti ndipite kwa Jorma. Munthu amene ankakhulupirira kuti chilichonse chotseguka chimakonzeka anali atapeza chimodzi chosakonzeka, ndipo anachiswa yekha. Ankayenda m'tauni manja ali m'matumba, atakalamba mwadzidzidzi, ndipo tinkamumvera chisoni osadziwa chomuuza.

Chipale chofewa choyamba chitagwa, Jorma anabwera masana ena. Anagwedeza nsapato pakhomo, anakana khofi, zimene sanachitepo. Katri analipo tsiku limenelo.

"Ndafukula mpaka pansi," anatero Jorma. "Zambiri ndi zinyenyeswa, phokoso lokhalokha. Chathunthu ndapeza chimodzi. N'chachifupi, mayi, musayembekezere zambiri."

Anatulutsa kadisiki m'thumba. Tauno anatambasula dzanja mwachizolowezi, koma Jorma analidutsa n'kupereka kwa Sinikka. Tauno anabweza dzanja lake. Katri ndiye analowetsa kadisikiko mu kompyuta, n'kuwaonetsa amayi ake batani loti adine.

Poyamba kunamveka kulira kwa thabwa la benchi la mu sauna, kenako kukhwekhwereza kwa munthu amene akusuntha maikolofoni. Ndiyeno mawu aja anadzaza khitchini yonse, aakulu, okanda, amoyo.

"Iwe Tauno, tasiya kugwiragwira chinthucho! Chili bwino kale, nkhalamba iwe."

Panatsatira kuseka, ndipo kusekako kunadukira pakati.

Palibe amene anayang'ana mnzake. Katri anatembenukira kuwindo. Sinikka anadinanso batani lija, mawu n'kubweranso, kuseka n'kudukanso pomwe paja. Anadinanso. Ulendo uno Tauno anadzutsa mutu, ndipo anaona milomo ya mkazi wake ikuyenda limodzi ndi mawuwo, liwu ndi liwu, popanda kanthu kotuluka. Dzanja lake linali pa kansalu ka m'khosi.

Kenako Sinikka anakoka kompyuta ija, imene sanalembepo chichokereni tsiku la bowa. Analemba pang'onopang'ono, osayang'ana aliyense, ndipo mwamuna wa pasiteshoni uja anawerenga ndi mawu ake ouma aja.

"Ndinali ndi mawu okoma, eti?"

Tauno anamuyang'ana mkazi wake.

"Eya," anatero. "Okoma kwambiri."

Sinikka anagwedeza mutu, n'kudinanso batani lija. Tauno anakhala pomwepo tsidya lina la tebulo, manja ake onse awiri atawakhalira, akumvetsera mkazi wake akuseka mpaka pamene kusekako kunadukira.